Kuchokera pa chigaza cha ntchenzi kufika pa banja la Phiomyidae: momwe mungaphunzitsire kusanja nyama zomwe zinatha

Mutu wa kusanja zamoyo m'magulu, umene m'buku la Biology amautcha classification, ana ambiri a kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje amangouloweza. Amatchula Kingdom, Phylum, Class, Order, Family, Genus, Species mosaphonya, koma mukawafunsa chimene chinachititsa kuti nyama yakuti iikidwe m'banja ili osati ilo, amangoti ndwii. Olakwa si ana ayi. Timawapatsa mayina osawagwiritsa fupa ngakhale limodzi, chonsecho akatswiri amene anasanja nyamazi anayambira pa mafupa ndi mano.

Malangizo awa ndi a aphunzitsi anzanga a kusekondale, komanso mwana aliyense wofuna kuyesa yekha. Tigwiritsa ntchito ntchenzi, nyama yodziwika kwa aliyense amene amalima dimba m'mbali mwa Shire kapena amakhala moyandikana ndi minda ya nzimbe ya ku Nchalo. Chigaza chake chitifikitsa pa banja la nyama zokukuta lotchedwa Phiomyidae, lomwe linkakhala mu Africa muno zaka zoposa 30 miliyoni zapitazo ndipo lero kulibe ndi imodzi yomwe yamoyo. Ndasankha banja limeneli chifukwa ndi la mbali imodzi ndi ntchenzi, ndiye zimene akatswiri amaona pa mano ake akalewo mwana angathe kuziona ndi maso ake pa nyama ya kwathu konkuno.

Choyamba, pezani zigaza ndi kuziyeretsa

Musatume ana kukasaka. Pitani kwa anthu amene amatchera kale ntchenzi m'madimba, muwapemphe akusungireni mutu wosaphwanya ndiponso wosawamba, chifukwa moto umang'alula mano. Pezaninso mutu wa khoswe kapena wa bwampini woti muzifanizira, ndipo wa kalulu ukapezeka ndi bwino kwambiri. Chilichonse chochokera mu Lengwe, Majete kapena Mwabvi chikaneni, ndi mlandu umenewo. Khoswe amene mwangomupeza atafa yekha musamukhudze. Boma la Nsanje linavutikapo ndi mliri wa makoswe mu 1997 ndi mu 2002, ndipo matendawa amayenda ndi utitiri wochoka pa makoswe akufa. Valani magolovesi kapena majumbo m'manja, mukatha musambe ndi sopo.

Sendani chikopa, kenako ikani mutuwo m'chitini cha madzi pamoto wochepa. Madzi azingonyung'unya, asabwadamuke, apo ayi mano amaguluka ndipo timafupa ta m'mphuno timaphwasuka. Mnofu ukafewa uchotseni ndi kawaya ndi mswachi wakutha. Amene sali pachangu angathe kuika mutuwo m'chitini chobooleza, n'kuchisiya pafupi ndi una wa nyerere atachipsinja ndi mwala kuopa agalu. Mankhwala oyeretsera zovala musathire, amadya fupa. Yanikani pamthunzi, poti dzuwa la kuchigwa kuno limang'amba mano akutsogolo pakati. Dzino likaguluka lisungeni m'kabokosi ka machesi, ndipo pa chigaza chilichonse mangiriranipo kapepala konena nyama yake, kumene inagwidwa ndi tsiku.

Chachiwiri, ana atsimikize okha kuti iyi ndi Rodentia

Asanaone dzina lililonse pa bolodi, apatseni chigaza cha ntchenzi anene zimene akuona. Kutsogolo kuli mano awiri aakulu kumwamba ndi awiri kunsi. Mano ong'ambira nyama, ngati a galu, palibe, m'malo mwake pali mpata waukulu kenako mano otafunira. Mano akutsogolowo sasiya kukula moyo wonse wa nyamayo, ndipo chikutiro cholimba cha dzino chili kumaso kokha. Mbali ya m'kati ndi yofewerapo ndipo imaperepeseka msanga, n'chifukwa chake dzinolo limakhala lakuthwa nthawi zonse, lotha kudula nzimbe ndi bango mopendeketsa monga timazipezera m'munda. Zizindikiro zimenezi ndizo zimaika nyama mu Order ya Rodentia, gulu lalikulu kuposa onse pakati pa nyama zoyamwitsa. Lili ndi mitundu yoposa 2,000, pafupifupi magawo 40 pa 100 aliwonse a nyama zoyamwitsa.

Tsopano tulutsani chigaza cha kalulu. Ana ambiri adzati nayenso ndi wa gulu lomweli. Auzeni asuzumire kuseri kwa mano awiri akumwamba: apeza timano tina tiwiri tating'ono tobisala pamenepo. Timeneto tikumuchotsa kalulu mu Rodentia n'kumuika mu Lagomorpha. Phunziro lonse la kusanja lagona pamenepa. Kufanana kwa kunja sikukwanira, pamafunika chizindikiro chimene munthu wina angachione n'kuvomereza.

Chachitatu, tembenuzani nsagwada ya pansi

Apa musathamange, ndipo pofunika kwambiri. Tengani nsagwada ya pansi ya ntchenzi ndi ya khoswe, muzigoneke chagada kuti muziziona kuchokera kunsi. Londolani ndi chala mzera umene dzino lakutsogolo limadutsa m'kati mwa fupa kulowera kumbuyo. Kenako pezani kaphiko ka fupa kakumbuyo kunsi, pamene pamagwira minofu yotafunira. Pa khoswe kaphikoka kamangopitiriza mzera womwewo wa dzino. Pa ntchenzi kamayambira panja pa mzerawo, kotambasukira kumbali, ndipo pakati pake pamaoneka kangalande.

Kusiyana kumeneku anakulongosola ndi katswiri wa ku Sweden, Tycho Tullberg, mu 1899, ndipo mpaka pano kukugwirabe ntchito. Nyama za nsagwada ngati ya ntchenzi zimatchedwa Hystricognathi. Muli ntchenzi, nungu, mfuko imene imatumphula nthaka m'minda ya mbatata, komanso mbira zimene anthu ena amaweta pakhomo, zomwe kwawo kwenikweni ndi ku South America. Khoswe, kapuku, bwampini ndi gologolo sali m'gululi. Ana amadabwa nazo zimenezi, chifukwa pa maso bwampini ndi ntchenzi amaoneka ngati apachibale, pomwe nungu ndi minga yake ija amaoneka wakutali. Nsagwada ikunena zina, ndipo kafukufuku wa DNA wa zaka zaposachedwapa anagwirizana ndi nsagwadayo.

Aonetseninso bowo lalikulu limene lili kutsogolo kwa diso pa chigaza cha ntchenzi. Ena amaliyesa malo a diso lenilenilo. M'menemo mumadutsa mnofu wotafunira wochokera pambali pa mphuno kutsikira ku nsagwada. Pa khoswe bowoli ndi laling'ono, lopanikizika kunsi kwake.

Chachinayi, werengani mano ndi kuona pamwamba pake

Khoswe ali ndi mano 16: mbali iliyonse, kumwamba ndi kunsi, lakutsogolo limodzi ndi otafunira atatu. Ntchenzi yaikulu ili ndi 20, chifukwa otafunira ake ndi anayi mbali iliyonse. Ikakhala yaing'ono mupeza ochepa, akumbuyo amakhala asanatuluke. Dzino loyamba mwa anayiwo lili ndi nkhani yake. Ndi dzino laubwana limene ntchenzi simalisintha, imakalamba nalo. Pa mano akutsogolo akumwamba, ofiirira ngati lalanje aja, muli tingalande titatu totsika m'litali mwake, ndipo khoswe alibe timeneti.

Mukakhala ndi galasi lokulitsira zinthu, kapena foni yojambula bwino pafupi, ana aone pamwamba pa mano otafunira. Pali timizera tokwera todutsa chopingasa, tolekanitsidwa ndi mapindo. Aliyense ajambule dzino limodzi m'kope mwake, lalikulu kudzaza theka la tsamba, awerenge timizerato. Ntchito imeneyi ingaoneke yotopetsa koma ndi yomwe akatswiri a nyama zakale amagwira tsiku ndi tsiku. Mafupa a kanyama kakang'ono amawola kapena kuphwanyika, chimene chimapirira zaka mamiliyoni ndi dzino. Mitundu yambiri ya nyama zokukuta zomwe zinatha imadziwika ndi mano okha ndi zidutswa za nsagwada, ndiye chiwerengero cha timizera, kalumikizidwe kake ndi kutalika kwa dzino ndizo zimasiyanitsa genus ndi inzake.

Chachisanu, lembani nyama ziwirizi moyandikana pa bolodi

Tsopano mayina abwere. Gawani bolodi pawiri, kumanzere ntchenzi, kumanja kanyama kakale kotchedwa Phiomys. Magawo akumwamba ndi amodzi: Kingdom Animalia, Phylum Chordata, Class Mammalia, Order Rodentia. Pansi pa Order lembani Hystricognathi, ndipo pansi pake Phiomorpha, gulu la mu Africa limene muli ntchenzi, mfuko ndi kanyama ka m'miyala ka ku Namibia kotchedwa Petromus typicus. Nungu imatsalira pa Hystricognathi, simalowa mu Phiomorpha. Mpaka apa mbali ziwirizi zikufanana. Zisiyana pa Family:

Ntchenzi: Family Thryonomyidae, Genus Thryonomys, Species Thryonomys swinderianus.

Kanyama kakale: Family †Phiomyidae, Genus †Phiomys, Species †Phiomys andrewsi.

Kamtanda ka † kutsogolo kwa dzina kakutanthauza kuti gululo linatha. Dzina la banja la nyama limathera ndi -idae ndipo limapangidwa kuchokera ku dzina la genus imodzi ya m'banjamo, monga Phiomys yapereka Phiomyidae. Mukaona -inae ndiye kagulu ka m'kati mwa banja, -oidea ndi gulu lokulirapo losonkhanitsa mabanja angapo. Dzina la genus limayamba ndi chilembo chachikulu, lachiwirilo ndi chaching'ono, ndipo polemba pamanja onse awiri amadulidwa mzera kunsi. Dzina la banja silidulidwa mzera. Kalembedwe ka mayina awiriawiri ka nyama kamawerengedwa kuyambira mu 1758, ndi buku la Carl Linnaeus.

Mabuku amasiyana pa dzina la gawo limene Hystricognathi ikukhala. Ena amati ndi Suborder, ena amati Infraorder ya pansi pa Hystricomorpha. Musataye nthawi kukangana ndi ana pa zimenezi. Chofunika n'chakuti adziwe gulu liti lili m'kati mwa liti.

Chachisanu ndi chimodzi, ikani banjali pa malo ake ndi nthawi yake

Banja lomwe linatha silimveka popanda kunena kuti linali kuti ndipo liti. Phiomys andrewsi inapezeka ku Fayum, m'dziko la Egypt, kumwera chakumadzulo kwa Cairo, m'miyala yotchedwa Jebel Qatrani Formation. Anaipatsa dzina ndi Henry Fairfield Osborn mu 1908, gulu lake la ku American Museum of Natural History litakakumba kumeneko mu 1907. Dzina lachiwirilo ndi lolemekeza Charles William Andrews wa ku British Museum, amene anali atafufuzako kale. Banja la Phiomyidae analikhazikitsa ndi Albert E. Wood mu 1955, ndipo mu 1968 iyeyu analongosola mwatsatanetsatane nyama zokukuta za ku Fayum.

Jambulani mzera wa nthawi pansi pa bolodi. Nyengo ya Eocene inayamba zaka 56 miliyoni zapitazo n'kutha pafupifupi zaka 34 miliyoni zapitazo. Oligocene inatsatira mpaka zaka 23 miliyoni zapitazo, kenako Miocene mpaka zaka 5 miliyoni zapitazo. Miyala ya Jebel Qatrani ndi ya kumapeto kwa Eocene ndi kumayambiriro kwa Oligocene. Lero malo a miyala imeneyi ndi chipululu, koma nthawi imeneyo kunali mitsinje, madambo ndi nkhalango, ndipo tinyama timeneti tinkakhala limodzi ndi anyani akale ndi makolo a njovu. Mano a tinyamati ndi a mamilimita ochepa chabe. Gulu la Elwyn Simons, limene linayamba kufufuza kumeneko mu 1961, linkasesa timiyala ta pamwamba pa chipululu n'kusiya mphepo iulutse mchenga, kenako n'kubwerako kudzatola timano tomwe taonekera.

Ana akafunsa ngati zoterezi zinafika kufupi ndi kwathu, yankho ndi inde. Kumwera chakumadzulo kwa Tanzania, dera la Mbeya, kufupi ndi malire athu a kumpoto, kuli miyala ya Nsungwe Formation ya zaka pafupifupi 25 miliyoni. Kumeneko gulu la Nancy Stevens linapeza wachibale wakale wa ntchenzi amene mu 2009 anamutcha Kahawamys mbeyaensis. Ku Namibia nako kunapezeka Diamantomys ya nyengo ya Miocene, imene ili ndi banja lakelake lomwe linathanso, Diamantomyidae. Mbira yoweta ija imalowanso m'nkhaniyi. Ofufuza ambiri amakhulupirira kuti makolo a gulu lake la ku South America, lotchedwa Caviomorpha, anachokera mu Africa n'kuoloka nyanja ya Atlantic pa zinyalala za mitengo zoyandama, nyanjayo idakali yopapatiza kusiyana ndi lero.

Chachisanu ndi chiwiri, aphunzitseni kuti banja limasintha

Kumapeto kwa dzina la sayansi kumalembedwa munthu amene analipereka ndi chaka chake: Phiomys andrewsi Osborn, 1908. La ntchenzi limalembedwa Thryonomys swinderianus (Temminck, 1827). Mikutiramawuyo si yokongoletsa. Ikusonyeza kuti Temminck poyamba anaika nyamayi mu genus ina, Aulacodus, ndipo pambuyo pake inasamutsidwa. Mwana akadziwa zimenezi amayamba kuona kuti dzina lililonse lili ndi mbiri.

Phiomyidae nayo yasinthasintha. Mu 1968 Wood analongosola kanyama kena ka ku Fayum, Gaudeamus, n'kukaika m'banjali. Mu 2011 Hesham Sallam wa ku Egypt, pamodzi ndi Erik Seiffert ndi Elwyn Simons, atapeza zigaza ndi mano ena abwinoko, anakapatsa banja lakelake, Gaudeamuridae. Chimodzi mwa zinthu zimene ofufuza amayang'ana pa nyama za ku Fayum ndi dzino laubwana lija munaliona pa ntchenzi, pakuti mitundu ina inkalisintha ikamakula pomwe ina inkakalamba nalo. Ndiye mukapeza kuti buku lina laika genus yakuti mu Phiomyidae pomwe lina laichotsa, onani chaka chimene lililonse linatuluka musanagamule kuti lina ndi lolakwa.

Pali vuto lina lalikulupo limene ana ochangamuka angalimvetse. Akatswiri a masiku ano amafuna kuti gulu lililonse likhale ndi kholo limodzi ndi zidzukulu zake zonse. Phiomyidae monga ankaisanjira kale inali yosakwanira mwa njira imeneyi, chifukwa inasonkhanitsa mitundu yakale yofanana mano, pomwe mabanja ena otuluka pakati pa mitunduyo anapatsidwa mayina awoawo. Zili ngati kuwerenga mbumba ya agogo, n'kuikamo ana amene atsala pamudzi koma kusiya amene anakamanga kwina. Gulu lotere limatchedwa paraphyletic. N'chifukwa chake ine sindilola ana kulemba kuti "ntchenzi inachokera kwa Phiomys". Umboni umene ulipo ukutilola kunena kuti ziwirizi ndi za mbali imodzi ndipo zili ndi kholo limodzi lakale. Kuloza dzino limodzi n'kunena kuti ili ndiye kholo lenileni la ntchenzi n'kupitirira umboni.

Poyesa ngati amvetsa, musawafunse kuti atchule magawo asanu ndi awiri aja. Apatseni nsagwada imene sanaionepo, kapena chithunzi cha nsagwada ya Phiomys kuchokera pa intaneti, anene gulu lake ndi chifukwa chake.

Mwana akabweretsa fupa lochokera kumunda

Mukaphunzitsa mwa njira imeneyi yembekezerani mafupa. Madzi osefukira, monga a mu Januwale 2015 ndi a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, amagumula magombe a Shire, Mwanza ndi Ruo n'kuvundukula zambiri. Muwalandire mafupawo mwaulemu, koma muwauze ana zoona zake za nthaka yathu. Pansi pa chigwachi pali dothi ndi mchenga zimene mitsinje yakhala ikuunjika posachedwapa, ndiye nsagwada ya m'menemo kawirikawiri ndi ya nyama ya masiku ano. Miyala ya mchenga ya ku Lengwe ndi ku Mwabvi, imene muli malasha, ndi ya gulu la Karoo, ya zaka pafupifupi 250 miliyoni, pomwe nyama zokukuta zoyamba zinaoneka zaka zosakwana 60 miliyoni zapitazo. Ina ndi yatsopano kwambiri, ina ndi yakale kwambiri, kotero Phiomys simungaiyembekezere m'menemo. Mafupa otchuka a dziko lino ali ku Karonga: Malawisaurus, ndi nsagwada ya munthu wakale imene inapezeka ku Uraha mu 1991. Sukulu imene ingakwanitse ulendo wa ku Cultural and Museum Centre Karonga ipite, ana akaone fupa losanduka mwala momwe limaonekera.

Komabe fupa likakhala lolemera kuposa kukula kwake, lakuda kapena lofiirira mpaka m'kati, ndiponso lomatirira mumwala, lisazulidwe. Lijambuleni pomwe lililipo mutaika rula kapena ndalama yachitsulo pambali pake. Jambulaninso gombe lonse kuti zioneke kuti linali kuya bwanji kuchokera pamwamba, ndipo lembani tsiku, mudzi, mfumu ya deralo ndi manambala a GPS a pa foni. Fupa losadziwika pomwe linachokera silingauze katswiri zaka zake, ngakhale litakhala lokongola chotani. Lamulo la Monuments and Relics Act limateteza zinthu zoterezi, kotero sizogulitsa kapena kupatsa mlendo wodutsa. Dziwitsani amfumu, kenako tumizani zithunzizo ku dipatimenti ya boma yoona za nyumba zosungiramo zinthu zakale, kapena pitani nazo ku Museum ya ku Chichiri mu Blantyre. Likakhala fupa looneka ngati la munthu, musaligwire n'komwe, amfumu ndi apolisi ndiwo oyamba kudziwa.